Kachipangizo ka Kumbuyo kwa Bokosi

M'mawa uliwonse, asanamwe tiyi, a Kamera amayika dzanja pabokosi lakuda la musitudiyo yawo, ngati mayi womva thupi la mwana. Dzina la Kamerali anawapatsa ndi ana a mumsewu wawo. M'bokosimo muli madisiki anayi ogwira ntchito pamodzi, osunga zithunzi zonse zimene anajambula chiyambireni: maukwati, makanda, ngakhale anthu amene anatisiya kale. Kumbuyo kwake kunkakhala kachipangizo kangati chala chachikulu. Zatsopano zinkayamba kulembedwa mmenemo zisanakhazikike m'madisiki.

Akazi awo izi sankazidziwa. Ankangopukuta fumbi basi.

Tsiku lina masana, a Kamera akusamutsa m'kamera zithunzi za mayi wina wa mapasa, magetsi anathima. Iwo anatuluka kukagula mafuta a jenereta. Ali konko, kunabwera bambo wina wothamangira basi, kudzatenga fulashi ya zithunzi za ukwati wake. Akazi awo a Kamera, mwana ali kumsana, anafunafuna patebulo osaipeza. Atasuzumira kumbuyo kwa bokosi anaona kachipangizo kaja, anakazula n'kupereka. Bamboyo anathokoza ndi manja awiri.

Jenereta italira, bokosi linakana kutseguka. A Kamera anagwira kumbuyo, n'kupeza bowo lokha.

"Amake mwana, kanali apa kali kuti?"

"Si fulashi ya bambo a ukwati ija? Ndawapatsa."

A Kamera anakhala pansi pasimenti, pakamwa pali yasa. Fulashi yeniyeniyo inali m'thumba la malaya awo. Foni ya bamboyo sinkapezeka.

Madzulo ake kunabwera mlamu wawo wokonza makompyuta, mchimwene wa akazi awo. Anayang'ana bowolo, anayang'ana mlongo wake.

"Achemwali, mwagawa impso ya munthu ali moyo!"

Palibe anaseka.

"Alamu, ndiuzeni zoona. Zapita zonse?"

"Madisiki ali bwinobwino. Bokosili likungodikira kamnzake. Ndikhoza kuliuza kuti litseguke popanda iko, koma zimene zinali zisanakhazikike pamene magetsi ankathima, muziiwale."

"Zingati?"

"Tiona tikatsegula. Ndipitirize?"

A Kamera anapukuta thukuta ndi chipewa. "Pitirizani."

Mlamuyo analemba mzere umodzi wokha pakompyuta. Madisiki anayamba kulira chapansipansi. Akazi awo a Kamera anaima pakhomo atagwira kukamwa, mwana akuwakoka mpango. Kenako zithunzi zinayamba kutuluka, chaka ndi chaka, maukwati onse, nkhope zonse. A Kamera anatsegula za mapasa aja. Panali zithunzi za mwana aliyense payekha. Chomaliza, chimene onse awiri anali pamiyendo ya mayi awo akuseka, panalibe, ndipo m'kamera chinali chitachoka kale.

A Kamera anachifunafuna kwa nthawi. Kenako anatembenuka.

"Amake mwana, inu mumadziwa kumene amakhala mayi a mapasa aja. Mawa mukawapemphe abwerenso. Anawo awaveke zomwe zija."