Anthu a Kuseri kwa Khoma

Amalume anali ndi chidutswa cha njanji chimene ankakhomerapo zidebe. Chinali chachifupi ngati mkono wa munthu, chakuda m'mbali, koma pamwamba chinasalala mpaka kuwala chifukwa cha nyundo. Chinkakhala pansi pa chisakasa chawo pafupi ndi msika wa Ndirande, pakati pa zidutswa za malata ndi fungo la dzimbiri lonyowa. Ndikakumbukira dzinja limene ndinayamba kumva mawu, chitsulo chimenecho ndicho chimayamba kubwera, nkhope za anthu pambuyo.

Ndinali mnyamata wamkulu kale, ndevu zikuyamba kumera, koma ndili Sitandade 3. Sukulu ndinaiyamba mochedwa chifukwa choweta mbuzi kumudzi. M'tauni ndinabwera kudzakhala ndi amayi bambo atatengedwa. Anawatenga kuntchito kwawo masanasana, ndipo palibe amene anatiuza chifukwa chake. Zinali zaka za chipani chimodzi. Munthu akafuna kunena kanthu ankayamba wayang'ana uku ndi uku, ngakhale m'nyumba mwake momwe.

Mawu anayamba mvula yoyamba itagwa. Ndinali kuseri kwa nyumba ndikutsuka mapazi pamene ndinamva mwamuna wina akunena chapansipansi kuti, "Ndi ameneyu." Mnzake anayankha, "Taonani mmene akutsukira." Ndinazungulira nyumba yonse. Ndinapeza matope, nkhuku yonyowa, ndi madzi akuda akutsetsereka kupita kumtsinje wa Nasolo. Munthu panalibe. Kuyambira tsiku limenelo amuna awiriwo sanandisiye. Ankangonena zimene ndikuchita, ngati anthu olembedwa ntchito yondilonda. Nthawi zina ankaseka. Nthawi zina ankatchula dzina la bambo, n'kunena zinthu zokhudza boma zimene ine sindikanayerekeza kuziganiza.

Ndinawauza amayi. Mayi wina akanandigwira pamphumi, kapena kuthamangira nane kwa abusa kaya kwa asing'anga. Amayi anga anatseka chitseko, natsitsa nsalu ya pawindo, n'kundifunsa monong'ona kuti, "Anena chiyani?" Sanakayike. Akanakayika bwanji? Anthu omvetsera kuseri kwa makoma analipodi zaka zimenezo, ndipo anali atawalanda kale mwamuna. Tsiku lomwelo anaotcha zithunzi za bambo pambaula. Anasiya kupereka moni kwa mayi wa nyumba yoyandikana ndi yathu, amene tinkabwerekana naye mchere ndi sefa. Mayi uja ankaima pampopi akutiyang'ana, osadziwa chimene watilakwira. Nkhope yake imandibwererabe mpaka lero.

Chinakhala chizolowezi. Ndikabwera kusukulu, ndisanavule yunifolomu, amayi ankandikhazika pamkeka, chitseko chotseka. "Lero anena chiyani?" Ine ndinkanena, iwo akumvetsera dzanja lili pakamwa.

Malo okha amene ndinkapumirako anali pachisakasa cha amalume. Nyundo ikamagunda lata panjanji ija, amuna aja ankamira m'phokosomo. Ndinkakhoma mpaka matuza kuphulika m'manja, ndowa itatha kale ine ndikuimenyabe. Amalume ankauza anzawo kuti sanaonepo mwana wolimbikira ngati ine.

Aphunzitsi anga ndiwo anaona kuti sindili bwino. Anali bambo wamfupi, wa choko m'zikhadabo. M'mawa wina tili pamzere tikuimba nyimbo zotamanda mtsogoleri wa dziko, amuna aja anayamba kuseka m'khutu mwanga. Ndinapirira, ndinapirira, kenako ndinakuwa kuti, "Khalani chete, agalu inu!" Nyimbo inaduka. Ana onse anatembenuka. Aphunzitsi anandithamangira n'kundimenya khofi lamphamvu, nanena mokweza kuti onse amve, "Ana osokosera kumbuyo ndimawakalipira ndine, osati iwe!" Kumbuyo kunalibe wosokosera. Ndinawada chifukwa cha khofi lija. Ndakalamba tsopano, ndipo ndikudziwa chimene linanditchingira.

Madzulo ake aphunzitsiwo anafika kwathu, nsapato zili matope okhaokha. Anakana mpando. Anauza amayi kuti mwanayu akudwala, kuti matenda otere ali ndi madokotala ake ku Zomba, ndiponso kuti ena amabwerako ali bwino. Amayi anayankha mwaulemu, maso ali pansi. "Zikomo aphunzitsi. Koma msewu wa ku Zomba unanditengera kale mmodzi kundende." Atachoka, amayi anakhoma chitseko ngati kwadutsa mdani.

Amalume atamva, sanatsutse aliyense. Lamulungu masana ananditenga kuti tikayende. Tinakwera phiri la Ndirande, udzu wonyowa ukutikwapula m'miyendo, mpaka tinafika pathanthwe lopanda mtengo kapena chitsamba. Pansi madenga a malata ankaoneka ngati tizidutswa ta pachisakasa chawo. Anandiuza kuti ndiyang'ane mbali zonse.

"Pano pali khoma?"

"Palibe."

"Akulankhulabe?"

Ndinamvetsera. "Akuti amalume ako atopa."

Amalume anaseka pang'ono, chifukwa analidi wefuwefu. Kenako kusekako kunatha. Potsika anandigwira pamkono njira yonse ngati kamwana.

Zimene anakambirana ndi amayi ndinazimva ndili pakhonde. Amalume anati, "Achemwali, kuseri kwa khoma kulibe munthu. Anthuwa ali m'mutu mwa mwana. Tipite naye." Amayi ankasankha nyemba m'lichero. Kenako anati, "Ndamva, achimwene. Koma akakafika adzamufunsa kuti akumva chiyani, iye adzanena zonse monga amanenera kwa ine, ndipo wina adzalemba." Amalume nawonso ankadziwa kuti mawu aja ankatchula dzina la bambo.

Ku Zomba sitinapite. Amayi ananditulutsa sukulu, ndipo mvula isanathe ndinali wokhoma zidebe tsiku lonse. Mankhwala ndinadzawamwa ndili kale ndi ana, zaka za chipani chimodzi zitatha, mkazi wanga atandikokera kuchipatala. Timapiritsi tating'ono, ndipo amuna aja anayamba kumveka patali ngati anthu amene asamukira kutsidya la mtsinje. Ndinalira ndi mkwiyo. Unyamata wanga wonse, sukulu yanga, zinali zitapita pa chinthu chimene chinali ndi mankhwala. Mkwiyowo ndinawaonetsa amayi ali okalamba, ndipo iwo sanadziikire kumbuyo. Mwana wa munthu akamamva mawu lero, ndimati pitani naye msanga kuchipatala, musadikire. Koma sindingathe kunena motsimikiza kuti m'chaka chija, ndi dzina lija pakamwa panga, amayi analakwitsa. Funso limeneli ndimagona nalo, ndimadzuka nalo.

Pali zinthu ziwiri zimene zinachitika sabata imene tinatsika m'phiri. Ndinaziona zonse ndi maso anga, koma sindinazilumikize.

Choyamba, amayi anatenga sefa ya mayi woyandikana nafe uja, imene inakhala kwathu nyengo yonseyo, naikamo tomato, n'kukaibweza okha. Ndinawamva akuseka naye pampopi. Ine ndinachita mantha, ndikuganiza kuti akucheza ndi kazitape.

Chachiwiri, sanasiye kundifunsa, koma anasintha nthawi. Tsopano ankandikhazika pamkeka m'mawa, ndisanatuluke kupita kuchisakasa. Chitseko chotseka, tiyi akuzizira m'kapu yachitsulo. "Anena chiyani? Nena zonse, usasiye ngakhale limodzi." Ndikatha ankafunsanso, "Latsala lina?" Ndikati ayi, ankandipukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje chawo n'kutsegula chitseko.

Ine ndinkayesa kuti amayi sanawakhulupirire amalume, kuti akufunabe kudziwa zimene adani athu akupangana. Ndinkanyada kuti ndine makutu a nyumba yathu. Sindinkadziwa kuti amayi anali atadziwa kale kuti kuseri kwa khoma kulibe munthu, ndipo m'mawa uliwonse ankandikhuthula mawu onse oopsa aja m'nyumba, pamaso pawo okha, kuti ndikatuluka kumsewu ndisakhale ndi lina lotsala pakamwa.