Makorali a Mkulu Wanga Kogie

Alamu anga a Poobalan Kisten anakonza makina osokera kufakitale ya zovala ku Clairwood zaka makumi atatu ndi zinayi. Mumsewu wathu ku Chatsworth mulibe mpopi kapena wailesi imene sanaigwirepo, ndipo ukawayamikira amayamba kukufotokozera mmene anakonzera mpaka tiyi kuzizira. Koma m'nyumba mwawo momwe munali chinthu chimodzi chimene sankaloledwa kukhudza. Inali thanki yagalasi ya mkazi wawo, mkulu wanga Kogie.

Kogie ankaweta makorali, tamoyo ta m'nyanja tija timamera pamiyala ngati maluwa. Anayamba ndi kanthambi kamodzi kobiriwira kamene anapatsidwa ndi mayi wina yemwe ankamusokera makatani. Patatha zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi kanthambiko kanali katadzaza theka la thanki. Ntchito ya alamu inali kunyamula zigubu za madzi amchere basi.

"Bambo inu, manja agirisiwo imani nawo pomwepo," ankatero Kogie alamu akangosendera.

"Ndikungoona."

"Onani muli chapatali, maso anuwo ndi abwino."

Kogie anamwalira mwezi wa Malichi, mtima unangoima akusenda adyo. Tinamutentha monga mwa mwambo wathu, phulusa n'kukalimwaza m'nyanja. Chichokereni kumeneko alamu anaitenga thanki ija ngati mwana wamasiye. Ankatsata zonse zimene Kogie analemba pakalendala: tsiku losintha madzi, tsiku lopukuta galasi, chakudya cha nsomba chotapa ndi zala ziwiri.

Pasanathe miyezi iwiri nkhono zoyeretsa galasi zinayamba kugwa chagada, imodziimodzi. Kenako makorali anasiya kutambasuka, ndipo nsonga za korali lobiriwira lija zinayamba kuyera ngati choko. Nsomba zokha zinkadya ndi kusambira ngati palibe chachitika.

Apa alamu anavula malaya. Anayeza mchere, unali bwino. Anayeza kutentha kwa madzi, kunali bwino. Anati ndi kuzimazima kwa magetsi, anagula batire. Anati mababu akalamba, anasintha. Pampu anaimasula katatu, n'kuyala tizitsulo take panyuzipepala. Mpaka anandinena ine kuti utsi wa lubani amene ndinkayatsa pachithunzi cha Kogie ndi umene ukulowa m'madzi. Zinandipsetsa mtima, koma chithunzicho ndinachisamutsira kuchipinda. Loweruka lililonse akasintha madzi makorali ankatsitsimuka masiku awiri, kenako n'kubwerera pomwe paja.

"Alamu, kaperekeni makoraliwa kwa anthu odziwa asanathe onse," ndinawauza tsiku lina nditawabweretsera roti, buledi wathu wopyapyala, ndi nyemba.

"Iwe mlamu, pakamwa pako sipapuma?"

"Pamapuma ndikagona. Inu mwaonda, mwatsala makutu okha."

Anayankha maso ali pagalasi. "Thanki imeneyi ikatuluka m'nyumba muno, ndiye kuti Kogie wachokadi."

Sindinawapemphe chilolezo. Ndinaimbira foni Fazila, mnzake wa Kogie amene ankasinthana naye tinthambi ta makorali. Anabwera Lamlungu masana ndi kachikwama ka timabotolo toyezera madzi. Anamva nkhani yonse osawadula, chinthu chimene ine sindikanatha.

"Nkhono zafa, makorali akufa, nsomba zili gwa," anatero Fazila. "Ankolo, m'madzimu simunagwere kachitsulo?"

"Ine zitsulo zanga ndimawerenga, mwanawe."

Fazila anatunga madzi pang'ono, n'kudonthezamo mankhwala. Madziwo anasintha mtundu. "Ndi mkuwa uwu. Nsomba zimapirira, koma kwa makorali ndi poizoni."

Ndinaona alamu akugwira msana wa mpando. Fazila anapinda mkono wa diresi, anapisa dzanja mpaka paphewa, n'kuyamba kufufuza kuseri kwa miyala. Pansi pa korali lalikulu lija anatulutsapo kabotolo kamkuwa, katachita dzimbiri lobiriwira. Ndinakadziwa nthawi yomweyo. Ndi kamene Kogie ankasungiramo ufa wofiira wodzola pachipumi kuyambira tsiku la ukwati wake.

"Alamu, muli chiyani umu?"

Anayankha osandiyang'ana. "Phulusa lija ndinatapako pang'ono tisanakalimwaze. Kunja kuja kuli mafunde, akanapita naye kutali. Nyanja yake ndi yomweyi. Chivindikirocho ndinamata bwinobwino ndi guluu, madzi sanalowe."

"Phulusa silinalakwe, ankolo," anatero Fazila motsitsa mawu. "Ndi kabotoloka."

Ndinali ndi mawu ambiri owalalatira, pakuti phulusa la munthu silisungidwa m'nyumba, ndipo iwo amadziwa. Koma nditawaona ataima pamenepo, kabotolo kakudontha madzi m'manja mwawo, mkwiyo unandithera. Ndinangomva chisoni chimene sindinachimve ngakhale tsiku la maliro.

Fazila anati mkuwa unali utalowerera m'miyala ndi mumchenga, kusintha madzi sikungathandizenso. Anafunafuna pamene panatsala moyo, n'kudula tinthambi titatu kuti akatiike m'thanki ya kwawo. Alamu anamuperekeza mpaka pagalimoto atagwira chidebe cha tinthambito ndi manja awiri.

Lachinayi m'mawa Fazila anawaimbira foni alamu. Ndinali kukhitchini, koma ndinamva alamu akungoti, "Tonse titatu tafa? Chabwino. Zikomo, mwanawe." Anapita pabalaza, anasamutsira nsomba m'ndowa kuti Fazila adzazitenge, kenako anagwada n'kuzimitsa pampu.

Ndinawapeza atakhala pansi, atatsamira khoma.

"Mlamu," anatero, "maliro oyamba aja ndinali ndi owaloza chala. Ndinkati ndi adokotala, masiku ena ndinkati ndi Mulungu. Nanga awa ndiloze ndani?"

Ndinakhala nawo pansi pomwepo.