A Manase ndi Chiyao cha pa Bawo

A Manase, telala wa pa Mlare, ndi munthu woti diresi la Khirisimasi amakupatsa pa Pasaka. Rukaiya amawadziwa bwino, poti makina awo osokera akhala pakhonde la golosale ya bambo ake, a Salimu, chibadwire iye. Nsalu zimadikira, koma pakamwa pawo sipapuma. Mtumbuka amamulonjera m'Chitumbuka, wochokera ku Songwe amamuponyera kachiswahili ka m'basi, ndipo Mnkhonde mnzawo akatulukira kuchokera ku Ngara, ulusi umathera m'makina iwo osadziwa.

Chiyao anachitola pa bawo. A Salimu anachoka ku Mangochi ali mnyamata, nakwatira Mtumbuka wa pa Mlare pomwepo, ndipo pakhomo ankayankhula Chichewa kuti onse azimvana. Chiyao chawo chinkatuluka pokhapokha akadyedwa pa bawo. A Manase ankafunsa tanthauzo la chitonzo chilichonse n'kudzachibweza mawa lake. Anayamba ndi zonyozana, kenako moni, kenako nkhani za makolo, mpaka amuna awiriwa, wina wa kumzikiti wina wa kutchalitchi, ankatha kujeda msika wonse eniake ali pomwepo. Rukaiya ankangoti ndi zocheza za akuluakulu osowa chochita. Iye anakula ndi Chitumbuka cha mayi ake, Chiyao n'kumangomva apa ndi apo.

Chaka chatha a Salimu, omwe anali ataferedwa kale mkazi, anagwa ndi sitiroko. Pobwera kuchipatala, Chichewa ndi Chitumbuka zinali zitawathawa. Chinatsala ndi Chiyao cha paubwana, nachonso chikutuluka mokoka, mbali imodzi ya kamwa. Rukaiya anaimbira achimwene awo a bambo ake ku Mangochi. Iwo anamvetsera mawu a wodwalayo pafoni, osamva bwino, koma anagamula kuti wodwalayo akufuna kwawo, abwere naye msanga.

Rukaiya anayamba kulongedza mtima ukuwawa. Akapinda malaya, bambo ake ankalira n'kumabwereza mawu omwewo, dzanja lamphamvulo likukoka chikwama. Iye ankaganiza kuti akumufulumizitsa.

A Manase analowa m'nyumbamo tepi yoyezera ili m'khosi. Anakhala pamphepete pa bedi, natchera khutu, maso ali pamilomo ya mnzawoyo. Anafunsa, nafunsanso, a Salimu n'kumagwedeza mutu.

“Mwana wanga, masula chikwamacho,” anatero a Manase. “Adada ako akuti ku Mangochi yayi. Akuti mayi ako agona kuno, iwonso adzagona kuno. Akhala akukuuza masiku onsewa, iwe n'kumangopinda malaya.”

Rukaiya anakhala pansi, nalira ngati mwana. Akanawakweza minibasi bambo ake, n'kumati wawachitira zabwino. Atapukuta misozi anapempha a Manase kuti azibwera tsiku lililonse kudzamasulira.

“Ndizibwera, koma kudzawadya pa bawo,” anayankha. “Ine ndakalamba, mawa ndingagwe nanenso. Adada ndi ako. Bwera pakhonde uphunzire wekha.”

Sukuluyo inali yovuta. Mphunzitsi ankayankhula mapini ali kukamwa, makina akulira, ndipo mawu oyamba kuwakumbukira anali achipongwe okhaokha. Rukaiya ankatola mawu ofunika choncho, ogula akachepa: madzi, mankhwala, kuwawa, kugona. Makasitomala a nsalu anadandaula kuposa kale, koma a Manase analibe nazo ntchito.

M'mawa wina Rukaiya analowa ndi tiyi kuchipinda, nagwada, n'kupereka moni wa m'mawa: “Ajimwiche uli, adada?”

A Salimu anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako phewa linayamba kugwedezeka, ndipo anaseka koyamba chidwalire. Ananena mawu angapo pang'onopang'ono. Rukaiya anatembenukira kukhomo kuti aitane womasulira, koma anaima, poti anali atamva yekha. Bambo ake ankati Chiyao chakecho n'cha telala wachinkhonde.

Anatuluka pakhonde misozi ili mbwembwembwe, nagwira a Manase dzanja ndi manja onse awiri. Anawathokoza m'chiyankhulo chawo chomwe: “Ndagha, adada, ndagha.” Iwo anangoti asawachedwetse ntchito, ngati kuti anayamba asokapo chinthu pa nthawi yake.

Diresi la Rukaiya la chikondwerero cha Idi likadali pamsomali, lopanda mkono umodzi. Sanalifunse, ndipo sadzalifunsa.