Kiyi wa achemwali pa kompyuta ya mu ofesi

Lolemba loyamba titaika maliro a achemwali, kompyuta ya mu ofesi yathu pa Boma inandikana. Sanali achemwali anga obadwa nawo. Tinkangogwira ntchito limodzi awiriwiri, kukonza pulogalamu yolembera alimi a tiyi ndi minda yawo. Zimene talemba tinkazitumiza ku seva ya ku Blantyre kuti zisungike. Ine ndinkangodina batani lotumizira pa pulogalamu yosunga mbiri ya zonse zimene tasintha, basi zapita. Tsiku limenelo panatuluka kabokosi kofiira: SSH, njira yolowera ku seva, yakana, chilolezo palibe. Ndipo ntchito yomaliza ya achemwali inali m'kompyuta yokalambayo mokha, yosatumizidwa.

Mtima wanga ndi wapachala. Ndinayamba ndi kutukwana netiweki, poti kunja kunali chiperoni, phiri lonse litabisala. Koma masamba ena ankatseguka bwinobwino. Adiresi ya seva inali yomweyo. Ndinazimitsa, kuyatsa, kudinanso, kabokosi komweko.

Lachiwiri ndinaimbira mkulu woyang'anira seva.

"Achimwene, mukugwiritsa ntchito kiyi uti?" anafunsa.

"Kiyi wachiyaninso? Ine ndimangodina."

Anaseka pang'ono, kenako anandilondolera pamene pulogalamu imaonetsa kiyi wake. Panali kiyi mmodzi yekha, ndipo kumapeto kwake kunali dzina la achemwali. Mkuluyo anandifotokozera kuti seva imatizindikira ndi kiyi wotere, ndipo kiyiyo amatsekedwa ndi mawu achinsinsi. Mwini wake akawalemba m'mawa, kompyuta imawakumbukira mpaka itazima.

Zaka ziwiri zathunthu achemwali ankatsika minibasi ya ku Thuchila ine ndisanafike, n'kulemba mawuwo kuti ndipeze njira ili yotsegula kale. Ine ndinkalowa dzuwa litakwera, n'kumawaseka kuti amalawirira ngati otchola tiyi. Sanandiuzepo.

"Pangani kiyi wanu, munditumizire mbali yake yosabisa," anatero mkulu uja. "Wa malemuwo ndimufufuta lero lomwe."

"Ayi, bwana, dikirani. Kwawo sanamete."

Kwathu katundu wa malemu sitimukhudza mpaka abale atameta ndi kugawana zovala. Mkuluyo anati chabwino.

Kiyi wanga ndinapanga tsiku lomwelo, ndinamuloza m'pulogalamu, seva inandilandira. Koma batani lija sindinalidine, poti ntchito yosatumizidwa ija inalinso katundu wa malemu. Ndinkadziwa kuti ndi zopusa, kuti kompyuta ikafa ntchito yawo yapita, koma dzanja linkakana. Sabata yonseyo magetsi akazima mtima unkangoti phwii. M'mawa ndikatsegula chitseko ndinkayamba kuyang'ana pampando wawo. Ndinkaopa, ndisaname.

Loweruka ndinapita kwawo ku Thuchila. Anameta, zovala anagawana, juzi yawo yobiriwira ndinaiona itavalidwa ndi mng'ono wawo.

Lolemba lotsatira ndinadina. Mzere wobiriwira unayenda pang'onopang'ono mpaka kumapeto, ntchito yawo inafika. Mkulu wa seva anatumiza uthenga kuti kiyi wakale wamuchotsa. Pamenepo m'pamene ndinatsegula mbiri kuti ndione zimene ndatumiza. Pamwamba penipeni panali dzina lawo, tsiku limene anayamba kudwala, ndi mawu amene munthu amalemba posunga ntchito yake: "Theka lokha, mutu ukuwawa. Achimwene akafika amalize."

Tsiku limene analemba mawuwo ndinafika masana, iwo atanyamuka kale.