A Gregorio ndi zilembo za m'Lenti

"Ndiye akuti ndakalamba," anatero a Gregorio, waya wa ambulera ali kukamwa. "Inu a ku Dublin, tandiyang'anani. Nkhalamba imalowetsa ulusi pasingano chonchi?"

Analowetsadi kamodzi kokha.

Ndinali nditangobwerako ku Ireland, komwe ndinkakonza mawebusaiti, ndipo ku Chilomoni kuno mtima sunkakhazikika. Masana ndinkathera pakhonde la golosale pomwe bambowa amakonzera maambulera. Anachoka ku Nsanje ali mnyamata kudzagwira ntchito kufakitale ya nsalu. Ntchito itatha anatsala ndi singano komanso mawu awo. Lamulungu lililonse ndiwo amawerenga mawu oyamba pa Misa, mosathamanga, Chisena chikumvekera pansipansi, mpaka ndi makanda omwe amatonthola.

Koma Lenti imeneyi ankadodoma. Lamulungu lapitalo anaima pakati pa mawu, n'kuyandikitsa foni kumaso, n'kuitalikitsanso. Komiti ya parishi inawauza kuti akadodomanso apume, achinyamata aziwerenga.

"Tandionetsani zomwe mumawerengazo," ndinatero.

Parishi inasiya kusindikiza mapepala. Mawu a sabata amaikidwa patsamba la pa intaneti lomwe anakonza Kingsley, wapampando wa achinyamata. Mnyamatayo anachita mwa ulemu wake: tsamba limavala mtundu wa nyengo ya Mpingo, ngati guwa. M'Lenti monse limakhala lapepo woderapo, tizilembo tachikasu pamwamba. Ngakhale ine, nditawerenga mizere ingapo, m'maso munalengeza misozi.

"Zimawala ngati magetsi a galimoto m'mvula," anatero a Gregorio. "Chilembo chilichonse chili ndi mnzake pambali. Komatu pa Khirisimasi ndinawerenga bwinobwino."

"Pa Khirisimasi tsamba linali loyera, zilembo zakuda, eti?"

"Eya."

Ndinadzambatuka. Ndinkafuna kupita kukomiti komweko, ndikawauze kuti kunja tsamba lotere sangalilole, kuti vuto si maso a bambowa.

"Khalani pansi, mayi. Mwana uja bandulo ya intaneti amagula yekha, palibe amamulipira. Mukamuyalutsa pagulu asiya. Ndiye tiziwerenga chiyani?"

Apa pokha ndi pomwe amanditopetsa. Nkhani yoti itha pompano, iwo amayamba aizungulira kaye.

Loweruka anamuitanitsa Kingsley kuti adzatenge ambulera ya mayi ake. Anayamba ndi kumuyamikira, ati mitundu ija ngakhale achibale ku Nsanje amaisirira. Kenako anafunsa ngati zongocheza:

"Koma tandiuza, Kingsley. Bambo mfumu akavala zapepo, buku lomwe amawerengalo limasandukanso lapepo?"

Kingsley anaseka, kenako anakanda m'mutu. "Ndiye mtunduwo ndiuike pati, agogo? Anthu azidziwa bwanji kuti ndi Lenti?"

"M'mphepete, ngati nsalu ya paguwa. Pakatipo usiye poyera. Funsa a ku Dublinwa, akungokhalatu."

Tinakonzera pomwepo pabenchi, Kingsley akudina, ine ndikuloza, eni nkhani ali piringupiringu ndi ambulera ina ngati sizikuwakhudza. Zilembo tinazikulitsakonso.

Lamulungu la Kanjedza tsamba linali loyera, m'mphepete mofiira. A Gregorio anaika foni pagome, n'kuwerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi osadodoma, mwina akukweza maso kuyang'ana anthu. Kingsley anali kumbuyo kwa kwaya, akumwetulira yekha.

Potuluka, a Laurenti, wapampando wa komiti, anawagwira dzanja.

"Maso achira, madala?"

"Achira, bambo."

Ine mawu anali atafika kale pakhosi, koma a Gregorio anandiponda chala.

"Ndiye usiku wa Pasaka mawu oyamba ndi anu," anatero a Laurenti. "Ndi ataliatalitu."

"Ndikuwadziwa."

Tikutsetserekera kumsika, a Gregorio anaima pahokala n'kugula kandulo ya Misa ya Pasakayo, atasankhasankha yosakhota. Anaikulunga m'nyuzipepala, n'kuiika m'thumba la jekete, dzanja lili pomwepo mpaka kunyumba.