Mthunzi Wofika Kumbuyo kwa Boti

Inu amene munauzidwapo kuti "zimenezi si zako," khalani pansi ndikuuzeni za munthu wina amene anthu a padoko ankamutchula kuti Chipewa.

Tsiku limene nkhaniyi ikuyambira, Chipewa anali atagona chafufumimba pamphasa, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya achemwali ake. Khosi ndi mikono zinali matuza okhaokha. Ngakhale malaya sankatheka kuvala.

Iyeyu anabadwa ndi khungu lachialubino. Dzuwa limene anzake amangolipukutira thukuta, iye limamuwotcha ngati madzi owira. N'chifukwa chake chipewa chachikulu sichinkachoka pamutu pake, mpaka anthu anaiwala dzina lake lenileni.

Nanga chinamutengera padzuwa n'chiyani? Mtsinje. Bambo ake anali woolotsa anthu pa boti, ndipo anamwalira iye asanayambe n'komwe sukulu. Chimene ankakumbukira chinali fungo la mafuta a injini ndi kulira kwa madzi pansi pa matabwa. Koma mtima wake unatsalira komweko.

Sabata imeneyo anali atachonderera mwini boti wina kuti amulole kugwira injini tsiku limodzi lokha. Anamulola. Botilo linali ndi denga ndithu, koma monga maboti onse a padokopo, dengalo linkathera pa mpando womaliza wa okwera. Woyendetsa amakhala kumbuyo, pamtetete. Ndipo pamadzi dzuwa limamenya kawiri: lina kuchokera kumwamba, lina lonyezimira kuchokera pansi. Chipewa sichitchinga za pansi.

Kuchipatala namwino sanamubisire mawu.

"Achimwene, mukapitiriza, zilonda izi zidzasanduka khansa. Padzuwa si panu."

Ali chigonere choncho, anamva mawu a alamu ake kuseri kwa khoma. Makoma a nyumba zathuzi mukuwadziwa, sasunga chinsinsi.

"Mayi a ana, muuzeni zoona mlongo wanuyu. Ndi munthu wa m'nyumba basi. Ndipo chiboti cha malemu bambo anu chili kuseriko ndichiwaza nkhuni, chikungosunga makoswe."

Chipewa analira. Sindikubisirani, analira ngati mwana, mphasa n'kunyowa. Matuza ankawawa, koma mawu akuti "wa m'nyumba basi" ankawawa kuposa.

Matuza atauma, anapita kuseri. Boti la bambo ake linali chivundikirire pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikira mazira m'kati mwake. Analigogoda uku ndi uku. Matabwa ena anali ofumbwa, koma msana wake unali wolimba.

Anawapeza alamu ake akutsuka njinga.

"Alamu, nkhwangwa yanu iyambe yapuma. Mvula ikadzagwa botili lisanaoloke mtsinje, ndidzaliwaza ndekha."

Alamu aja anaseka. "Chabwino. Nkhuni zouma sizithawa."

Ntchito inayambika. Chipewa ankadzuka mbandakucha, dzuwa likakwiya n'kulowa m'nyumba, likafooka n'kutulukanso. Anachotsa matabwa ofumbwa, anakhoma atsopano, anamata ming'alu yonse ndi phula. Kumbuyo kwenikweni kwa botilo, pambali pa malo a injini, anapeza mabowo ozungulira bwino, uku ndi uku. Iye anangoti ndi ntchito ya tizilombo. Anawakhomera tizikhomo ta mtengo, n'kupakapo penti.

Za injini sizinamuvute. Kwa zaka zambiri ankakonzera anthu a padoko mainjini ali pakhonde, pamthunzi, eni ake n'kumakayenda nawo pamadzi iye n'kutsala ndi manja akuda. Tsopano anatulutsa injini ya bambo ake pansi pa bedi, n'kuimasula yonse. Tsiku lina inatsokomola, inatsokomolanso, kenaka inalira. Nkhuku zinabalalika.

Chinatsala ndi denga. Ndipo apa ndi pamene panagona nkhani, chifukwa kwa Chipewa boti lopanda denga linali chimodzimodzi nkhuni zija.

Denga lakale linatha kalekale. Lona lake anafunditsira matumba mpaka linawola, ndipo mapaipi ake ena anasanduka mizati yoyanikira zovala.

Anayamba wapita m'tauni, kusitolo yogulitsa zipangizo za maboti. Anamuonetsa denga loyera mbee, lokongola moti munthu n'kumeza mate. Chipewa anatulutsa chingwe chimene anayezera boti lake. Dengalo linathera pomwe onse amathera.

"Mulibe lofika kumbuyo, kwa woyendetsa?"

Wogulitsayo anamuyang'ana ngati wafunsa mazira a njinga. "Denga ndi la okwera, achimwene. Woyendetsa ndi wa dzuwa. Zinayamba kale zimenezo."

Anayenda masitolo ena, anafunsa kwa eni maboti akale, yankho linali lomwelo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndiye anati adzipangire yekha. Dalaivala wina wa lole anamupatsa lona lakale. Chipewa anadula mitengo, anaimika m'botimo, anakunga lonalo kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Anzake anamuthandiza kukankhira botilo pamadzi osaya kuti aliyese.

Koma lona la lole ndi la lole. Linali lolemera, ndipo analikweza m'mwamba kwambiri. Kamphepo kanangoti kuwomba, boti n'kupendama, mitengo n'kuthyoka, mwini wake n'kugwera m'madzi, khuvu! Chipewa chake chinayamba ulendo chokha kutsika ndi mtsinje. Padoko ponse panali phwete. Ena mpaka anagwira m'mimba.

Anayesanso ndi pepala la pulasitiki. Pansi pake pankatentha ngati mu uvuni, ndipo linang'ambika tsiku lomwelo.

Botilo linabwerera pansi pa mango. Kumwamba mitambo inali itayamba kusonkhana masana aliwonse. Alamu ake nawo anayamba chizolowezi chonolera nkhwangwa pakhonde, poonekera, akuimba kanyimbo ka mluzu. Mtima wa Chipewa unayamba kulefuka, ndipo masiku ena ankangokhala m'botimo osagwira chilichonse.

Achemwali ake ndi amene anamudzutsa.

"Iwe, wakhala ukulimbana wekha ngati ulibe pakamwa. Pita kwa mkulu wowotcherera zitsulo uja. Bambo ankapita komweko."

Mkuluyo anali atakalamba, maso ofiira ndi moto wa zaka zambiri. Anati sangalankhule za boti limene sanalione, ndipo anabwera yekha pang'onopang'ono ndi ndodo yake. Analizungulira, akulisisita ndi chikhatho. Atafika kumbuyo anaima. Anatulutsa kampeni n'kupala penti.

"Watseka ndani apa?"

"Ndine, bambo. Panali mabowo a tizilombo."

"Tizilombo?" Mkuluyo anapukusa mutu. "Paja safunsa anadya phula. Kachilombo kake ndine! Mabowo awa ndinaboola ndi manja angawa. Ndi a mabawuti a denga."

"Denga kumbuyo kuno?"

"Kumbuyo kuno. Iwe uli wakhanda, bambo ako anabwera kwa ine, akuti ndiwatalikitsire denga mpaka lipitirire injini. Padoko ankawaseka, ankati boti la mchira. Inenso ndinawafunsa kuti woyendetsa afuniranji mthunzi. Ukudziwa anandiyankha chiyani? Anati, 'Si wa ine. Mwana wanga adzakhala pamenepa.'"

Chipewa anakhala pansi, pafumbi. Moyo wake wonse anthu ankamuuza kuti mtsinje si wake, pamene bambo ake anamukonzera malo iye asanayambe n'kukwawa komwe. Ndipo iye mwini, ndi manja ake, anawatseka malowo n'kupakapo penti.

Achemwali ake anali ataima pakhomo, atagwira pakamwa. Denga lalitali lija ankalikumbukira, koma ankangoti zinali zokonda za bambo.

Tsiku lomwelo Chipewa anagulula tizikhomo tija, kamodzikamodzi. Analiranso, koma misozi ya ulendo uno inali ina.

Mkulu uja anafotokoza mmene denga la malemu linalili: mapaipi opepuka, lalifupi msinkhu kuti mphepo izidutsa pamwamba, ndi nsalu zolendewera m'mbali zotchinga kunyezimira kwa madzi. Zovala za pakhomopo zinayamba kuyanikidwa pampanda, chifukwa mizati ija inabwerera ku ntchito yake yakale. Mapaipi osowa mkuluyo anatola pamulu wa zitsulo zake.

Nanga nsalu? Inkafunika yopepuka koma yosalowa dzuwa. Apa achemwali anawomba m'manja.

"Maambulera!"

Iwo ankagulitsa zipatso pamsika, pansi pa maambulera akuluakulu aja. Mphepo ikawomba imathyola nthiti za ambulera, koma nsalu imatsala yabwinobwino, ndipo kuseri kwa mabenchi kunali milu ya maambulera otayidwa. Anayenda benchi ndi benchi. Amayi a pamsika sanaumire.

"Tengani, asisi," anatero mayi wina wogulitsa tomato, "koma akamalowetsa botilo m'madzi, mpando wakutsogolo ndi wanga."

Telala wa pakona anasoka zidutswazo, ziwiriziwiri mophatikiza. Akamaliza chigawo, Chipewa ankachitambasula kuloza dzuwa. Pakaoneka kuwala ngakhale pang'ono, ankabweza.

"Achimwene, mundithera ulusi!" ankadandaula telalayo, phazi lili pa makina.

Litatha, linali denga loti simunalionepo. Apa pofiira, apa pachikasu, apo pobiriwira, pena zilembo za malonda zodukira pakati. Alamu aja analiyang'ana nthawi yaitali.

"Kodi limeneli ndi boti, kapena mukutsegula msika pamadzi?"

Koma mabawuti analowa m'mabowo aja ngati anachokamo dzulo.

Tsiku lolowetsa botilo m'madzi, kutali kunkamveka mabingu. Anthu onyamula anachepa mbali imodzi. Alamu aja anayang'ana nkhwangwa yawo, anayang'ana boti, kenaka anavula malaya.

"Sunthani uko. Mutu umodzi susenza denga."

Chipewa anasankha dala masana, dzuwa lili paliwombo. Anati ngati dengali ndi lonama, liulule bodza lake lero lomwe. Mayi wa tomato anakhala kutsogolo monga mwa pangano. Achemwali, telala ndi mkulu wowotcherera anakhala pakati. Padoko panadzaza anthu, ambiri mwa iwo atabwera kudzaonanso chipewa chikusambira.

Chipewa anakhala kumbuyo, pamalo pake. Mthunzi unamuphimba yense, kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kwa nthawi yoyamba anayang'ana mtsinje osatsinzina. Anakoka chingwe, injini inalira.

Pakati pa mtsinje mphepo inabwera, yomwe ija inamugwetsa. Denga linangogwedezeka pang'ono, mphepo n'kudutsa pamwamba. Boti silinapendame. Litagunda mchenga wa tsidya linalo, mayi wa tomato anaimirira n'kuliza nthungululu, ndipo padoko, pomwe panali phwete tsiku lija, anthu anayankha ndi m'manja.

Tsiku limenelo anaolotsa anthu mpaka dzuwa kupendeka. Atakocheza komaliza, achemwali ake anamugwira dzanja, anapinda mkono wa malaya, anayang'ana. Anayang'ananso pakhosi. Panalibe thuza ngakhale limodzi.

"Bambo akanaona," anatero.

"Anaona kale, achemwali. Ochedwa ndife."

Madontho oyamba a mvula anawapeza akadali padoko. Palibe anathawa. Onse anangothinana pansi pa denga la maambulera, akuseka.

Lero mukafika padoko limenelo, mudzaona anthu akusiya maboti ena n'kumadikira la mitundumitundu, chifukwa limaonekera patali ndipo mthunzi wake ndi wozizira. Oyendetsa anzake, omwe aja ankati dzuwa ndi lawo, anayamba kupita mmodzimmodzi kwa mkulu wowotcherera kukapempha mchira. Chipewa sanasiye kudzola mafuta ake oteteza khungu, ndipo chipewa chatsopano sichichoka pamutu. Namwino uja amaoloka naye popita kuntchito.

Nkhwangwa ija inagwira ntchito ndithu. Alamu anasemera thabwa lokwererapo okalamba ndi amayi a ana. Masiku ano akaima padoko amaloza ndi chala, chifuwa chili patsogolo: "Mukumuona uyo? Mlamu wanga ameneyo."

Tsono inu amene mukuwerenga, mwina nanunso munagona chafufumimba n'kumva anthu akukuweruzani kuseri kwa khoma. Mwina munayenda masitolo onse n'kupeza kuti denga lililonse limathera inu musanafikidwe. Sindikunamizani kuti dzuwa lidzasintha. Kwa Chipewa silinasinthe, likuwotchabe mpaka lero. Chimene chinasintha ndi denga.

Funsani amene anaona zakale. Lolani abale akugwireni dzanja. Tolani ngakhale zimene ena anataya kuseri kwa benchi. Ndipo musanatseke bowo lililonse m'moyo wanu n'kupakapo penti, yambani mwafunsa kuti analiboola ndani.

Malo anu alipo. Osataya mtima.