Ba Tata adikira gilini powolokera msewu

Mwachoma bwanji nonse.

Paja powolokera msewu wa ku Lusaka aikapo malaiti atsopano a LED, aja ongothwanima olenji. Lero ba Tata, popita ku kiliniki kukatenga mankhwala a BP, anaima pamenepo kudikira gilini monga pa maloboti.

Thiraki inaima kuti awoloke. Iwo anaiuza ndi dzanja kuti ipite. Dalaiva nayenso anawauza ndi dzanja kuti awoloke. Kumbuyo maminibasi a ku Nangongwe ali pipiii.

Mapeto ake dalaiva anatsika n'kuwawolotsa atawagwira dzanja. Ku kiliniki ba Tata anapeza atseka kale.

Ati, "Malaiti aja ni akufa. Mawa nizaima futi mpaka gilini iyake."

Ine nawafotokozera, ati ndine mwana. Mankhwala atha. Ndani azawauza kuti gilini kulibe?